Galimoto Yokumba Mjigo Yapita, Nanga Zotsalazo Akonze Ndani?

Tsiku limene galimoto yokumba mjigo yafika m'mudzi palibe amene amatsala pakhomo. Madzi akangotumphuka, amayi amaimba nthungululu, ana amavina. M'pomveka kutero. Tonse tikukumbukira kolera wa 2022 ndi 2023, amene anayambira ku Machinga ndipo anapha anthu oposa 1,700 ku Malawi kokha. Kuno ku Niassa nakonso sanatisiye. Madzi abwino ndi moyo.

Koma akuluakulu anati walira mvula walira matope. Galimoto ikachoka pamatsala maenje, milu ya fumbi, oilo wakutha, migolo ndi simenti. Kawirikawiri amene amakonza zimenezi ndi inu achinyamata a m'mudzi, pa ganyu ya masiku awiri kapena atatu, mutavala patapata.

Msuweni wanga anagwirako ganyu yotere. Anamuuza kuti asakanize simenti yomangira pansi pozungulira mjigo, iye n'kumapondamo ndi mapazi osavala kanthu tsiku lonse. Sanamve kuwawa kulikonse. Usiku mapazi anayamba kutentha, kutacha khungu linali litasupuka. Anakhala milungu itatu osapita kunyanja, ndipo ndalama ya ganyu ija inathera kulipira njinga yopita naye kuchipatala. N'chifukwa chake lero tati tikambirane nkhaniyi.

Maenje a matope

Pokumba m'dothi la mchenga, amisiri amakumba maenje pambali osungiramo madzi a matope amene amawapopera m'dzenje la mjigo. Ntchito ikatha, pamwamba pa matopewo pamauma ngati nthaka yolimba koma pansi pali phala. Mwana kapena mbuzi ikapondapo imamira. Mvula ikagwa, dzenjelo limasanduka chithaphwi choswaniranamo udzudzu wa malungo.

Musalowe m'dzenjemo pokwirira. Imani kunja, thirani dothi pang'onopang'ono, kusinja, kuthiranso, mpaka pakwere kuposa nthaka yozungulira chifukwa padzatsikabe. Dzenje lakuya kufika m'chifuwa mwa munthu wamkulu, kapena kuti kupitirira mita imodzi ndi masentimita 20, likhoza kugumuka, makamaka m'madambo mwathu muno dothi likanyowa. Dothi lodzaza bokosi la mita imodzi mbali zonse limalemera kuposa makilogalamu 1,000. Likakugwerani pachifuwa simungapume. Ngati kwada musanamalize, tchingani malowo ndi minga kapena mitengo.

Mjigo wopanda madzi

Nthawi zina amakumba osapeza madzi, n'kusamukira pena. Dzenje loyambalo musalole kuti angoikapo mwala kapena chitsa. M'chaka cha 2019 ku Spain, mwana wa zaka ziwiri anagwera m'dzenje lotere, lotambalala masentimita 25 okha koma lakuya mamita oposa 100. Ngakhale dzikolo lili ndi makina amphamvu, anamupeza patatha masiku 13 atamwalira kale. Nanga kwathu kuno angamutulutse ndani?

Dzenje lotere liyenera kudzazidwa kuyambira pansi ndi miyala ing'onoing'ono ndi dongo, kenaka kumata simenti pamwamba. Likasiyidwa, limakhalanso njira yoti madzi oipa a pamwamba atsikire ku madzi a pansi amene tonse timamwa.

Fumbi la miyala

Akamaboola mwala ndi makina a mpweya, pamatsala mulu wa fumbi loyera ngati ufa. Miyala yambiri ili ndi silika. Fumbi lake likalowa m'mapapo silitulukanso, limaumitsa mapapo, ndipo munthu wotero amagwidwa TB mosavuta. Ndi matenda omwe aja amene anabwera nawo ambiri mwa agogo athu ogwira ntchito m'migodi ya ku Joni. Vuto lalikulu limagwera amene amayenda ndi galimotoyo mudzi ndi mudzi kwa zaka zambiri, komabe inunso musalipume dala. Wazani madzi musanafosholo, musasese pouma, ndipo imani kumene mphepo ikuchokera. Kansalu kapena chitenje chomanga pamphuno sichitchinga fumbi losalala chonchi. Pemphani masiki yopangidwira fumbi.

Simenti

Simenti yonyowa imawotcha khungu pang'onopang'ono, munthu osazindikira. Valani magulovesi a mphira ndi majombo. Ikalowa m'jombo, vulani nthawi yomweyo. Ikakhudza khungu kapena diso, tsukani ndi madzi oyera ambiri kwa mphindi 20, kenaka pitani kuchipatala. Musapakepo mafuta, mankhwala otsukira mano kapena masamba.

Klorini

Asanapereke mjigo, amathiramo klorini wa ufa wotchedwa HTH kuti aphe tizilombo. Ameneyu ndi wamphamvu kwambiri kuposa Certeza kapena WaterGuard amene timathira m'ndowa. Musamugwire ndi manja, musamununkhize, ndipo musamuike pafupi ndi dizilo kapena oilo chifukwa zikasakanikirana zimatha kuyaka. Madzi oyamba amene amapopa pambuyo pake musamwe ndipo musamwetse ziweto mpaka fungo litatha ndiponso amisiri atanena. Musawalondolere ku damu la nsomba kapena mumtsinje wopita ku nyanja ya Chiuta, pakuti klorini amapha nsomba.

Oilo ndi migolo

Dothi limene ladonthera oilo kapena dizilo lichotsedwe ndi fosholo, liikidwe m'matumba, eni ntchito apite nalo. Musalikwirire pafupi ndi mjigo. Tikudziwa kuti mgolo ndi katundu wosiririka, koma mgolo umene munali mafuta kapena mankhwala musasungiremo madzi akumwa, kapena kuphikiramo thobwa. Musaudule ndi moto kapena makina otulutsa moto, chifukwa mpweya wa mafuta wotsalira m'katimo umaphulika ngakhale mgolowo ukuoneka wouma. Zidutswa za waya ndi zitsulo zitoledwe zonse. Mukadzicheka, tsukani bala ndi sopo ndipo pitani mukafunse za katemera wa kafumbata.

Chitsime chakale

Mjigo watsopano ukabwera, anthu amafuna kukwirira kapena kuyeretsa chitsime chakale. Apa ndi pamene pali ngozi yoopsa kuposa zonse. Pansi pa chitsime pamatha kukhala mpweya woipa umene suoneka ndiponso sununkha. Munthu amangokomoka. Mnzake akalowa kukamutenga, nayenso amakomoka, maliro n'kukhala awiri.

Pokwirira palibe chifukwa cholowera, thirani muli pamwamba. Ngati pakufunika kulowa, zikhale za amisiri odziwa, wolowayo amangidwe chingwe m'thupi, ndipo pamwamba pakhale anthu osachepera awiri oti amukoke. Kandulo ikazima mukaitsitsa, ndiye kuti simulowedwa. Koma ngakhale ikayakabe, sizitanthauza kuti mpweya ndi wabwino. Injini ya petulo kapena jenereta isatsitsidwe m'chitsime ndipo isalire pakamwa pake, utsi wake umapha. Wina akakomokera pansi, mukokeni ndi chingwe, musamutsatire.

Ufulu wanu

Lamulo la ntchito la dziko lathu la Mozambique, Lei do Trabalho nambala 13/2023, limene linalowa m'malo mwa la 2007, limapatsa wolemba ntchito udindo woteteza antchito ake, kuwafotokozera za ngozi ndi kuwapatsa zodzitetezera pamene zikufunika. Munthu akavulala pa ntchito, bwana ayenera kuonetsetsa kuti walandira chithandizo choyamba ndipo wafika kuchipatala. Choncho musanagwire fosholo, dzina lanu lilembedwe, mtengo mugwirizane pamaso pa amfumu kapena a komiti ya madzi, ndipo funsani kuti majombo, magulovesi ndi masiki zili kuti. Safunsa anadya phula. Ana asapatsidwe ganyu imeneyi ngakhale pang'ono.

Kwa inu mafumu athu ndi a komiti ya madzi, mphamvu yanu ili pa siginecha. Musanasaine kuti mwalandira mjigo, yendani pamalopo ndi mkulu wa amisiri. Kodi maenje onse akwiriridwa? Dzenje lopanda madzi lamatidwa? Oilo, migolo ndi zotsala za klorini zachotsedwa? Ngalande ndi dzenje lomwera madzi otayika ladzazidwa ndi miyala? Palibe chimbudzi kapena khola pa mtunda wosakwana mamita 30? Ngati china chatsala, kanizani mwaulemu ndipo dziwitsani a ku Posto kapena ofesi ya SDPI ku Insaca, imene imayang'anira za madzi m'boma lathu. Galimoto ikadutsa Cuamba, kuibweza n'kovuta.

Wina akavulala kapena akayamba kubanika, musadikire kuti muone mawa. Itanani wa zaumoyo wa m'mudzi, amene tinazolowera kumutcha APE, ndipo thamangirani naye kuchipatala chapafupi.

Msuweni wanga uja anachira, koma zipsera zilipo mpaka lero, ndipo amatunga madzi pa mjigo womwewo. Mukamaliza kuwerenga kapepalaka, werengeraniko anzanu amene sadziwa kuwerenga, ku tchalitchi, ku mzikiti, pa msika ndi pa doko. Ngati m'mudzi mwanu muli dzenje limene linasiyidwa losakwirira, litchingeni lero, uzani amfumu, ndipo mutidziwitse kuno ku wailesi yanu kuti tilengeze.