Fumbi m'Chipinda Choonetseramo Zidole

Munthu woyenda pa msewu wochokera kwa Masasa m'boma la Ntcheu kutsetserekera ku Golomoti amaona timagalimoto, tindege ndi tinjinga tosema titandandalikidwa m'mphepete mwa njira kudikira ogula. M'midzi ya boma lomweli ana akupangabe magalimoto a mawaya, ng'ombe zadongo ndi ana a zitsononkho. Luso limeneli linamveka mpaka kunja kwa dziko lino m'chaka cha 1990, pamene mayi Karen Lynn Williams anatulutsa buku la ana lotchedwa Galimoto, lonena za mnyamata wa kuno ku Malawi. Tsono mphunzitsi kapena mmisiri amene wasonkhanitsa zidole zotere m'chipinda kuti anthu aziziona ayenera kudziwa kuti ntchito yaikulu yomudikira ndiyo kulimbana ndi fumbi.

Ambiri amayesa kuti fumbi limangodetsa chinthu basi, pamene limaononga m'njira zitatu. Poyamba, m'fumbi muli timchenga takuthwa timene timakanda utoto ngati munthu apukuta mokhula. Chachiwiri, fumbi limamwa chinyezi. Limene launjikana m'chilimwe limanyowa mvula ikayamba, ndipo mawaya amachita dzimbiri, nsalu ndi matabwa n'kuyanga nkhungu. Chachitatu, m'fumbi muli tizidutswa ta ulusi, tsitsi ndi zakudya timene timaitana njenjete ndi mphemvu. Chidole chotuwa wogula amachipitirira, ndipo mwana wodwala mphumu amabanika m'chipinda chafumbi.

Nzeru yake ndi yakuti fumbi litchingidwe lisanalowe, pakuti kulichotsa pa chidole n'kovuta kuposa kuliletsa pakhomo. Kuyambira mwezi wa Ogasiti kufikira Okutobala nthaka imauma gwa, akamvuluvulu amachuluka, ndiponso utsi ndi phulusa la moto wa tchire zimadzaza mlengalenga. Pa nyengo imeneyi mazenera oyang'ana kumsewu kapena kubwalo la masewera azikhala otseka, ndipo otsegula aikidwe nsalu yopyapyala. Mipata ya pakati pa khoma ndi malata imatidwe, ndipo kudenga kuyalidwe mphasa ngati ndalama zogulira matabwa palibe. Kunja kubzalidwe kapinga, pakhomo paikidwe chiguduli chopukutira mapazi, chifukwa fumbi lambiri limalowa ndi anthu odzaona.

Kasesedwe nako n'kofunika. Kusesa pouma ndi tsache kumangoulutsa fumbi, ndipo likatha kuuluka limadzatera pa zidole zomwezo. Wosesa ayambe wawaza madzi pang'ono, kapena akolope ndi chiguduli chonyowa ngati pansi ndi pasimenti. Ngati pansi ndi padothi, pazizilidwa kawirikawiri. Akatha atsegule chitseko kuti chipinda chiume, pakuti chinyezi chikatsalira chimaononga koposa fumbi lomwe.

Zidole zisaikidwe pansi kapena pafupi ndi khomo. Malo abwino ndi kabati ya magalasi yotsekeka bwino, monga aja amaona ana a sukulu akapita ku nyumba yosungiramo zinthu zamakedzana ya ku Chichiri mumzinda wa Blantyre, imene inatsegulidwa m'chaka cha 1966. Amene alibe kabati akhome mashelefu opitirira m'chiuno, ndipo madzulo azifunditsa zidole ndi nsalu yoyera. Pulasitiki si yabwino kufunditsira nthawi yaitali chifukwa imasunga chinyezi. Ngati zidole zachuluka, zina zisungidwe m'mabokosi n'kumazionetsa mosinthanasinthana.

Pa kapukutidwe ndi pamene anthu ambiri amalakwitsa, naononga ndi manja awo chinthu chimene amafuna kusamala. Chidole chilichonse chili ndi lamulo lake. Ng'ombe yadongo yosaotcha isakhudze madzi ngakhale pang'ono, chifukwa imasungunuka, ndipo akulu anati madzi akatayika saoleka. Iyenera kupepetedwa ndi kaburashi kofewa kopentera, kuyambira pamwamba kutsikira pansi. Galimoto ya mawaya ipukutidwe ndi nsalu youma. Chosema chisapakidwe mafuta ophikira kuti chiwale, pakuti mafutawo amanata ndipo fumbi limakakamira pomwepo. Zidole za mapesi ndi za zitsononkho zinyamulidwe ndi manja awiri, osati kugwira pa mkono kapena pa gudumu. Ntchito yonseyi ichitikire pakhonde, kuti fumbi lochotsedwalo lisabwererenso m'chipinda.

Wosamala chipinda azizonda zidole kamodzi pa mlungu. Akaona kaufa koyera kataunjikana pansi pa chosema, asayese fumbi wamba, chifukwa chimenecho ndi chizindikiro chakuti tizilombo tikuboola mtengowo m'kati. Chidolecho achipatule msanga chisanapatsire zinzake.

Ku Mua m'boma loyandikana nalo la Dedza, malo a Kungoni amene anayambitsidwa ndi Bambo Claude Boucher m'chaka cha 1976 aonetsa kuti ntchito za manja a anthu akumudzi zingasungike kwa zaka zambiri zikalemekezedwa. Zidole za ana nazo n'zoyenera ulemu womwewo, makamaka lero pamene za pulasitiki zadzaza m'misika. Sukulu imene yagawira ana ntchito yowaza madzi, yofunditsa ndi yozonda zidole idzasunga chuma chimenechi, ndipo ana odzabwera m'tsogolo adzaona ndi maso awo zimene akulu awo ankapanga ndi waya, dongo ndi mapesi.