Motoka yasanduka foni ya mawilo, nanga ba auto electrician?

Mu Vitz kapena Corolla imene mukwela tsiku lililonse muli tumakompyuta tobisika. Ba mechanic amatuitana "control box", dzina lake lenileni ni ECU. Kamodzi ni ka injini, kena ka gearbox, kena ka ABS, kena ka ma airbag. Tonse tukambitsana kupitila mu mawaya awili opotana, ochedwa CAN bus, amene kampani ya Bosch ya ku Germany inaonetsa mu 1986. Ija machine imene ba mudala pa garage amalumikiza pansi pa steering, pa socket ya mapini 16, imangomvetsela nkhani za tumabokosi utu.

Vuto ni yakuti tunaculuka maningi. Kampani ikafuna kuikamo cinthu catsopano, kaya kamela ya kumbuyo kaya sensa ya parking, inali kungowonjezela kabokosi kena na mawaya ake. Motoka ya mtengo inafika pokhala na tumabokosi topitilila 70, mawaya makilomita angapo. Waya umodzi ukadyewa na khoswe, sakilani mpaka dzuwa kulowa.

Manje opanga mamotoka asintha kamangidwe. Ayamba kuika kompyuta ikulu imodzi kapena ziwili pakati, na tumabokosi tocepa togawidwa malinga na malo: kutsogolo, kumbuyo, kumanzele, kumanja. Nyali, loko na galasi ya ku citseko cimodzi zonse zilowa mu kabokosi kamene kali pafupi, osati ciliconse na waya wake wautali mpaka ku dashboard. Aciti zonal architecture. Rivian, kampani ya mamotoka a malaiti ku America, mu 2024 inacotsa ma ECU kucoka pa 17 kufika pa 7, na mawaya pafupifupi makilomita 2.6 mu motoka imodzi. Volkswagen itaona, inavomela kuikamo ndalama zofika madola 5.8 biliyoni kuti agwilile pamodzi. Ni ndalama, boyi.

Cokoma cake ni cakuti motoka yotele ilandila update pa intaneti monga foni. Mu 2018 magazini ya Consumer Reports inapeza kuti Tesla Model 3 icedwa kuima ukaponda mabuleki. Tesla inatumiza update, ndipo mtunda woimila unacepa na mamita pafupifupi 6. Palibe sipanala inagwila motoka olo imodzi.

Koma amene ali na software ndiye ali na makiyi. BMW mu 2022 inayamba kulipilitsa mwezi na mwezi m'maiko ena kuti mipando izitentha, pamene waya wotenthetsa unali kale mu mpando umene munthu anagula. Anthu anakalipa, mu 2023 inaleka. Ndipo citseko cimene update ilowela, kawalala nayenso angalowele: mu 2015 Charlie Miller na Chris Valasek anaimitsa Jeep Cherokee pa msewu ali kutali na laptop cabe, mamotoka 1.4 miliyoni anaitanidwa kuti akonzedwe. Kucokela apo makampani ena anayamba kukiya njila ya diagnosis, machine isalowe mkati popanda cilolezo cao.

Mungati izi ni za bazungu, ise tikali na ma Allion. Iyayi. Toyota yayamba kuika software yake ya Arene mu RAV4 yatsopano imene inaonetsa mu 2025, ndipo tidziwa kumene motoka ya ku Japan imathela ikakalamba: pa sitima, Dar es Salaam, Nakonde, Lusaka. Tinalawako kale. Ni bangati ali na wailesi yokamba Cijapanizi cabe, yosagwila mastesheni a kuno popanda expander, kapena yopempha SD card imene inatsala ku Japan? Apo ni wailesi cabe. Ganizilani ikakhala kompyuta imene igwila nyali, maloko na dashboard yonse, ndipo update yake inapangidwila network ya dziko lina.

Kwa ba auto electrician, nchito siizatha, izasintha. Test lamp na kudula waya kuti "tiyese cabe" vizaonongetsa zinthu zodula, cifukwa kabokosi kamodzi kakapsa, mbali yonse ya motoka yagona. Ndipo kabokosi ka salaula sikazangolowa, kafunika coding kuti motoka ikavomele. Mnyamata amene aphunzila manje kuwelenga wiring diagram na kuona ma signal a CAN pa oscilloscope ndiye bazamufunafuna na foni, pamene banzake bakali kugogoda starter na sipanala.