Moyo wa Mbewu Uli M'maselo Ake

Thumba la mbewu likakhala pashelefu limaoneka ngati katundu wina aliyense, chimodzimodzi feteleza kapena makasu. Komatu m'thumbamo muli zamoyo. Njere iliyonse ili ndi kamtima kake, ndipo kamtimako n'kopangidwa ndi tizipinda tosaoneka ndi maso totchedwa maselo. Maselowa akawonongeka, mlimi amadzala koma phando limakhala lopanda kanthu, ndipo mbiri ya sitolo imene anagulako imaipa. N'chifukwa chake ife ochulukitsa ndi kugulitsa mbewu tiyenera kudziwa zimene zili mkati mwa selo.

Amene anayamba kutchula dzinali ndi Robert Hooke wa ku England, yemwe mu 1665 anaona timabowo m'khungwa la mtengo kudzera m'maikulosikopu. Iye anangoona makoma a maselo akufa. Khomalo limapatsa selo la chomera kulimba, koma ntchito zamoyo zimachitikira mkati mwake.

Kachikopa kolondera pakhomo

Kuseri kwa khoma kuli kachikopa kopyapyala kopangidwa ndi mafuta ndi mapuloteni. Ndiko kamasankha zolowa ndi zotuluka m'selo. Njere ikauma, kachikopako kamasintha kaumbidwe kake, ndipo ikayamba kumwa madzi kamafunika kukonzeka msanga. M'mbewu yokalamba kapena yosungidwa potentha kamalephera kutero, choncho shuga ndi mchere wa m'selo zimatayikira m'dothi n'kukhala chakudya cha nkhungu zowoletsa njere.

Kutentha ndi mpweya zimawononga mafuta a kachikopaka, ndipo ichi n'chimodzi mwa zifukwa zimene soya ndi mtedza zimatayira mphamvu yomera msanga kuposa chimanga. M'malabotale timaviika njere za soya kapena nyemba m'madzi oyera kwa maola 24, kenako timayeza kuchuluka kwa mchere umene watuluka. Ukachuluka, timadziwa kuti mbewuyo yafooka ngakhale maso akuiona yokongola.

Gwero la mphamvu

M'selo mulinso tizigawo totchedwa mitochondria, timene timaphwanya chakudya mothandizidwa ndi mpweya wa okosijeni kuti pakhale mphamvu yoti muzu uboole khungu la njere. Mbewu youma imapuma pang'onopang'ono kwambiri. Chinyezi chikakwera, kupumako kumakweranso, thumba limatentha, ndipo mphamvu imene inayenera kugwira ntchito m'munda imathera m'sitolo. Mankhwala a tetrazolium amatithandiza kuona kupumaku: mbali zamoyo za kamtima zimafiira, zakufa sizisintha mtundu. Motero tingadziwe ngati mbewu ili moyo pasanathe masiku awiri.

M'mbewu zambiri tizigawoti timachokera kwa chomera chachikazi chokha, ndipo m'mitundu ina ya chimanga timachititsa kuti ngayaye isatulutse mungu wamoyo. Makampani a ku United States anadalira kwambiri mtundu umodzi wotere, wotchedwa Texas, pofuna kupewa ntchito yodula ngayaye. Mu 1970 kunabuka matenda owaula masamba amene anakantha kwambiri chimanga cha mtunduwo, ndipo dzikolo linataya pafupifupi 15 peresenti ya zokolola zake. Ochulukitsa mbewu tikuphunzirapo kuti kudalira kholo limodzi n'kuika dzinja lonse pachiswe.

Nkhokwe ya malangizo

Nyukiliyasi imasunga DNA, yomwe ili ndi malangizo a kutalika kwa phesi, masiku okhwimira, mtundu wa njere ndi kupirira ku matenda. Selo la chimanga lili ndi makromozomu 20: theka lochokera ku mungu, theka ku chomera chachikazi. Ichi n'chifukwa chake timatalikitsa minda ya mbewu ndi minda ina, n'kudula ngayaye za mizere yaikazi zisanayambe kuwaza mungu. Mungu wachilendo ukagwera pa ndevu, malangizo olakwika amalowa m'njere ndipo palibe makina angawachotse. Ndi chifukwa chomwechonso mlimi wobwereza mbewu ya haibulidi amakolola zochepa: malangizo a makolo awiri aja amasakanikirana mwatsopano, mbewu n'kumera zosiyanasiyana.

Udindo wa wogulitsa

Wasayansi James Harrington anapereka lamulo losavuta kukumbukira: chinyezi cha njere chikatsika ndi 1 peresenti, kapena kutentha kukatsika ndi madigiri 5, nthawi imene mbewu ingasungike imawirikiza kawiri. Zikakwera, nthawiyo imafupikanso chimodzimodzi. Thumba losanjikidwa pafupi ndi denga la malata m'mwezi wa Okutobala limakalamba msanga kuposa linzake lokhala pamthunzi podutsa mphepo.

Choncho tisanjike matumba pamatabwa, osati pasimenti, ndipo asagunde khoma. Tisawayanike padzuwa pakhonde pofuna kukopa ogula. Potsitsa soya ndi nyemba m'galimoto tisaponye matumba, pakuti kamtima kamasweka ngakhale khungu lisanang'aluke. Mbewu ikhale patali ndi feteleza, yemwe amakoka chinyezi, ndipo yotsala chaka chatha iyezedwenso kameredwe isanagulitsidwe. Mlimi sangaone selo, koma pakatha sabata imodzi chidzalireni, mizere ya m'munda mwake idzamuuza mmene tinasamalira mbewu yake.