Connie Chiume: mwana wa ku Usisya amene adafika ku Wakanda

Ambiri amene adaonera filimu ya Black Panther mu 2018 sadadziwe kuti mmodzi mwa akuluakulu a m'bwalo la mfumu ya Wakanda adali ndi magazi a ku Nkhata Bay.

Malemu Connie Chiume adabadwa pa 5 June 1952 ku Welkom, tauni ya migodi ya golide ku South Africa. Bambo ake, a Wright Tadeyo Chiume, kwawo kudali ku Usisya, pomwe mayi ake adali Mzulu.

Adayamba ndi uphunzitsi, koma choko sichidamugwire mtima. Mu 1977 adatsanzika kalasi n'kulowa m'zisudzo. Kumeneku kudali kulimba mtima ndithu, poti tsankho lidali pachimake ndipo mkazi wachikuda kudyera zisudzo chidali chinthu chapatali.

Ku Joni amamukumbukira ngati Mamokete wa mu Rhythm City komanso Mam' Sonto, gogo woopsa wotsogolera mbava za galimoto mu Gomora. Mbiri yake idawanda dziko lonse mochedwa, ali ndi zaka 65, ndipo mu 2020 Beyoncé adamutenga mu Black Is King.

Adamwalirira kuchipatala mumzinda wa Johannesburg pa 6 August 2024 ali ndi zaka 72, ndipo adasiya ana anayi.