Opaleshoni Yopopa Mafuta M'thupi: Zikhulupiriro ndi Zoona Zake

Ku Lisasadzi, monga m'madera ena olima fodya ku Kasungu, mimba yotuluka ambiri amaitengabe ngati umboni woti mwini wake zinamuyendera ku okushoni ya Chinkhoma. Koma mafoni abwera ndi maganizo ena. Pa Facebook ndi TikTok padzaza zithunzi za ziuno zoumbidwa, ndipo abale a ku Joni amasimba za liposuction, opaleshoni yopopa mafuta a pansi pa khungu ndi kachubu kachitsulo. Amene anaitchukitsa ndi dokotala wa ku France, Yves-Gérard Illouz, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970. Tiyeni tipete nkhaniyi, mankhusu apite padera.

Amati: Ndi njira yochepetsera thupi.

Zoona zake: Ntchito yake ndi kukonza maonekedwe a malo amodzi, monga ntchafu kapena m'mbali mwa chiuno, pa munthu amene sikelo yake ili kale pafupi ndi yoyenera. Madokotala amati kupopa kupitirira malita 5 nthawi imodzi kumachulukitsa ngozi. Khungu lolendewera, monga la mayi amene wabereka kangapo, silikungika ndi opaleshoniyi. Mwinanso limakwinyika kwambiri.

Amati: Ikachotsa mimba, shuga ndi BP zimatsika.

Zoona zake: Apa ndi pamene ambiri amasokera. Mu 2004, Samuel Klein ndi anzake ku St. Louis, ku America, anafufuza amayi 15 onenepa kwambiri amene anawapopa mafuta pafupifupi makilogalamu 10 aliyense. Patapita masabata 10 mpaka 12, shuga, BP ndi mafuta a m'magazi zinali chimodzimodzi. Chifukwa chake n'chakuti mafuta odwalitsa kwambiri ndi amene amakuta matumbo ndi chiwindi, kuseri kwa minofu ya pamimba, kumene kachubu sikayenera kufika. Mimba yolimba ya abambo ambiri, imene timaitcha ya mowa, kawirikawiri imakhala ya mafuta amenewa.

Amati: Mafuta akachoka, achokeratu.

Zoona zake: Maselo opopedwawo sabwerera, koma otsala amatha kufufuma. Kafukufuku wa mu 2011 wa ku University of Colorado anapeza kuti mwa amayi amene anapopedwa ntchafu ndi ziuno, mafuta anali atabwerera pakutha chaka, ambiri ake pamimba.

Amati: Ndi kaopaleshoni kakang'ono, kopanda choopsa.

Zoona zake: Mu Okutobala 2005, Stella Obasanjo, mkazi wa mtsogoleri wa dziko la Nigeria panthawiyo, anamwalira ku Spain atachitidwa opaleshoniyi. Kachubu kanaboola matumbo, ndipo mu 2009 khoti linapeza dokotalayo wolakwa. Ndalama mayiyu anali nazo, koma sizinamuteteze. Ngozi zina ndi kutaya magazi, kulowa kwa tizilombo pabala ndi magazi kuundana m'mitsempha. Kubaya mafuta opopedwawo m'matako n'koopsa koposa, chifukwa akalowa mumtsempha amakatseka m'mapapo. Ngakhale zonse zitayenda bwino, thupi limatupa kwa masabata angapo ndipo munthu amavala chovala chothina mpaka atachira.

Amati: Tiyi ndi malamba ogulitsidwa pa WhatsApp amasungunula mafuta popanda mpeni.

Zoona zake: Matiyi ambiri oterewa amangotsegula m'mimba kapena kukodzetsa. Chimene chimachoka ndi madzi. Lamba amangofinya, ukavula mimba ili pomwepo.

Amene watsimikiza mtima afufuze kaye ngati dokotalayo analembetsa ku Medical Council of Malawi, kapena ku HPCSA ngati ndi ku South Africa. Koma ndalama za mabelo a chaka chonse zisanapite kumeneko, yambani ndi tepi ya telala. Chiuno cha bambo chikapitirira masentimita 94, cha mayi 80, pitani ku chipatala cha boma cha Kasungu mukayezetse BP ndi shuga. Kenako chepetsani shuga mu tiyi, zakumwa zotsekemera, mowa ndi mitanda ya nsima, muchulukitse ndiwo zamasamba, kuyenda ndi kupalasa njinga. Izi ndi zimene zimachepetsa mafuta a m'kati, amene amafupikitsa moyo.