Kukweza pikapu sikukweza difu

Mvula ikayandikira, eni mapikapu kuno kwa Chiwalo amandifikira ndi pempho limodzimodzi: "Amakaniko, tandikwezerani galimotoyi, ikumakhula pansi." Ena amapitiriza kuti ndiwaikiremonso injini yamphamvu. Sindiwadabwa. Dothi la makande la m'chigwa cha Phalombe likanyowa, lole imodzi ikangodutsa imasiya ngalande ziwiri ndi msana pakati, ndipo chidutsireni namondwe Freddy mu Malichi 2023 madalaivala athu amaopa madzi kuposa kale. Pikapu yomweyo ndiyo imasenza nandolo, mpunga ndi matemba a ku Chilwa kupita nazo ku Migowi, ku Chiringa kapena ku Limbe, anthu a matola atakhala pamwamba pa matumba.

Ndisanagwire sipanala ndimayamba ndamugwaditsa mwini wakeyo kuti tisuzumire limodzi kunsi. Chimene chimakhula msana wa msewu kawirikawiri ndi difu, chimphika chachitsulo chija chili pakati pa ekiselo ya kumbuyo. Masipuling'i amakhala pakati pa ekiselo ndi chasisi. Mukawonjezera zitsulo, kapena kutalikitsa mashakolo, chimakwera ndi chasisi pamodzi ndi bodi. Difu imatsala pomwe inali. Chimene chingaikweze ndi tayala lokha, ndipo limaikweza ndi theka: tayala lotalikirapo ndi masentimita 6 limakweza difu ndi masentimita 3. Pamenepo galimoto imayamba kulemedwa ponyamuka, kilachi imatha msanga, ndipo muvi wa liwiro umakunamizani kuti mukuyenda pang'onopang'ono.

Kukweza kuli ndi ubwino wake ndithu. Tayala lalikulu limapeza malo, ndipo mphuno ndi mchira sizigunda potsika kapena potuluka m'khwawa. Koma ine sindipyola masentimita 5 pa galimoto yonyamula anthu. Ikatalika kwambiri, katundu ali pamwamba, imapendekeka pa kona, ndipo pa msewu wa phula wa Zomba kudzera ku Jali, pomwe madalaivala amaponda mafuta mosaumira, kugubuduka sikuchedwa.

Pali kachitsulo kena kamene ambiri sakadziwa. Ma Hilux akale ali ndi valavu ya mabuleki kumbuyo, yomangidwa ku chasisi, yokhala ndi kandodo kofika pa ekiselo. Ntchito yake ndi kuyeza katundu. Galimoto ikatitimira ndi matumba, valavuyo imatsegulira mafuta ambiri a mabuleki kupita ku matayala a kumbuyo. Ikakhala yopanda kanthu imawachepetsa kuti matayalawo asakhwekhwereke. Tsono mukakweza kumbuyo osasuntha kandodoko, valavu imaona ngati galimoto ilibe katundu nthawi zonse. Matumba makumi awiri ali m'bodi, koma akugwira ntchito ndi mabuleki a kutsogolo pafupifupi okha. Dalaivala amadzazindikira zimenezi njinga ya kabaza itamudutsira kutsogolo. Paipi yarabala ya mabuleki nayo imafuna yotalikirapo, apo ayi imakokeka ekiselo ikalendewera m'dzenje.

Za masipuling'i enieniwo ndili ndi malamulo anga amene sindinyengererapo munthu. Chitsulo cha sipuling'i chikathyoka sichiwotchereredwa, ndipo sichipindidwa pa moto. Kutentha kumachotsa kulimba kumene chinapatsidwa ku fakitale. Mbali zonse ziwiri zilandire zitsulo zofanana. Ma U-bolt akale sabwezeredwapo, ndipo atsopanowo amangidwenso galimoto ikayendako maulendo angapo, chifukwa akakhwefuka bawuti lapakati la sipuling'i limaduka, ekiselo n'kuserereka, galimoto n'kumayenda chammbali ngati nkhanu. Mabawuti a mabushi amamangidwa galimoto itatsika pa jeke. Ma shock absorber sanyamula katundu, ntchito yawo ndi kuletsa kudumphadumpha, koma akafupika pa galimoto yokwezedwa amazuka. Kutsogolo, ngati pikapu yanu ndi ya 4x4 ya torsion bar, kupotokola bawuti lake kuti ikwere n'kosavuta, n'chifukwa chake anyamata amakonda kutero, koma ma CV joint ndiwo amalipira.

Chimene chimawawa eni galimoto ndi ichi: zitsulo zowonjezera sizisandutsa pikapu ya tani imodzi kukhala ya matani awiri. Imangosiya kuoneka kuti yalemedwa. Mabering'i, matayala ndi mabuleki ndi omwe aja, ndipo nkhonya za msewu zimene sipuling'i yofewa inkameza tsopano zimafika ku chasisi, chimene chimayamba ming'alu.

Ku injini, uphungu wanga ndi wakuti musatuluke m'banja. Injini za dizilo za Toyota za 2L, 3L ndi 5L, zomwe kukula kwake ndi malita 2.4, 2.8 ndi 3.0, n'zapachibale, choncho kuchotsa ina n'kuika inzake sikufuna kudula ndi kuwotcherera kwambiri. Zakalezo pampu yake siyendera kompyuta, ndipo makaniko wa kumudzi amazikonza ndi zida za m'thumba. Wina akamva za 1KZ-TE ya turbo mtima umadyokoka. Mphamvu ilipodi, koma imabwera ndi kompyuta ndi mtolo wa mawaya, ndipo ikangotentha mopyola, hedi yake imang'aluka. M'matope, pomwe galimoto ikulira kwambiri koma ikuyenda pang'ono, rediyeta itamatidwa ndi dothi, kutentha ndiye nkhani ya tsiku ndi tsiku.

Ngakhale pa chibale pomwepo pali misampha. Injini yochokera mu minibasi ya Hiace sampu yake imatha kugundana ndi difu ya kutsogolo ya Hilux ya 4x4, ndiye mumasamutsa sampu ya injini yakale pamodzi ndi kapaipi koyamwa oyilo. Pa injini zimenezi, kapampu kothandiza mabuleki kali pa alitaneta. Mukakaiwala, buleki imauma gwa. Funsaninso ngati galimoto imene injiniyo yachokera inali ya mavoti 12 kapena 24. Ndipo injini ikadali pansi, sinthiranitu timing belt, musamvere za wogulitsa kuti ndi yatsopano. Lamba ameneyu amasinthidwa pa makilomita 100,000, ndipo akaduka mapisitoni amawomba mavalavu. Kilachi ndi silo ya kumbuyo kwa kirankishafiti muzionenso nthawi yomweyo, poti kuzifikira pambuyo pake n'kutsitsanso giyabokosi.

Kunyamula injiniyo ndi pomwe anthu amavulala. Imalemera makilogalamu oposa 200. Ndaona ambiri akukoloweka chain block pa nthambi ya mango, koma mango ndi mtengo wofwamphuka mosachenjeza. Mizati itatu ya bulugamu wokhwima, yomangidwa bwino pamwamba, miyendo yake itakwiriridwa pang'ono, ndiyo ndimaikhulupirira. Njerwa zowotcha si zochirikizira galimoto, zimafumbutuka. Ikani zipika zamtengo, ndipo pasapezeke dzanja la munthu kunsi kwa injini yolendewera. Ana a m'mudzi, amene sachedwa kuunjikana pa ntchito yotere, akhale patali.

Tsiku loliza koyamba, chotsani mpweya m'mapaipi a dizilo, ndipo diso likhale pa nyali ya oyilo: ikapanda kuzima m'masekondi ochepa, zimitsani injini.

Chotsala ndi mapepala. Nambala ya injini imalembedwa mu bulubuku, ndiye mukasintha injini muyenera kukadziwitsa a Road Traffic kuti akonze zolembazo, apo ayi mudzavutika pa COF, pa rodibuloko ndi pogulitsa galimotoyo. Pogula injini ku Limbe kapena ku Ndirande, pukutani pamene pali nambala, muiwerenge ndi maso anu, ndipo wogulitsayo ailembe pa lisiti musanapereke ndalama.