Crypto: ku Joni kuli layisensi, kwa Mphuka kuli chenjezo lokha

Mabanja ambiri m'dera la Mfumu Mphuka ku Thyolo amadalira malipiro a kothyola tiyi ndi kangachepe kochokera kwa ana awo amene ali ku Joni. Ndalamayo imafika pa Mukuru kapena pa foni. Koma chitsikireni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mawu akuti crypto akumveka kwambiri pakamwa pa achinyamata.

Crypto ndi ndalama za pa intaneti, ndipo Bitcoin, imodzi mwa ndalamazo, yomwe inayamba mu 2009, ilibe banki. Kaundula wake amasungidwa pa makompyuta ambirimbiri padziko lonse nthawi imodzi, ndipo zolembedwamo sizifufutika. Mukatumiza kwa tambwali, palibe ejenti woti mukamugwire mwendo kuti abweze. Mtengo wakenso umatha kukwera m'mawa n'kugwa madzulo.

N'chifukwa chake lamulo la dziko lili lofunika. Mu 2019 Reserve Bank of Malawi inalengeza kuti crypto si ndalama yovomerezeka kuno, ndipo wochita nayo malonda, zikamuvuta, zake zimenezo. Sinaletse, sinatetezenso. Ku South Africa anatenga njira ina. Kampani ya malonda a Bitcoin ya Mirror Trading International itagwa mu 2020 n'kumira ndi chuma cha anthu masauzande, bungwe loyang'anira za chuma m'dzikolo la FSCA linalamula mu 2022 kuti crypto iziyang'aniridwa monga malonda ena a zachuma, ndipo makampani ake azikhala ndi layisensi. Mwana ali ku Johannesburg ali nako kokadandaula. Mayi ake kwa Mphuka alibe.

Maiko ena akusinthasintha. China inaletseratu mu 2021. Chaka chomwecho El Salvador inavomereza Bitcoin kukhala ndalama ya dziko, koma mu 2025 inafewetsa lamulolo pofuna ngongole ya IMF. Nigeria inaletsa mabanki kukhudza crypto mu 2021, n'kuwalolanso mu 2023.

Luso lakelo si loipa ayi. Kwa Bondo ku Mulanje, kampani ya Gridless imagula magetsi otsala ochokera pa mtsinje wa Lichenya n'kuyendetsera makompyuta a Bitcoin, ndipo ndalamazo zimathandiza kuti mudzi uziwala.

Chenjezo lokha silikukwanira. Nyumba ya Malamulo itipatse lamulo lomveka. Pakadali pano, wina akakulonjezani phindu la sabata ndi sabata, mufunseni kuti layisensi yake anaitenga dziko liti. Akayamba kuzungulira, ndalama yanu ya tiyi isatuluke m'thumba.